Magazi Akakana Kuleka: Matenda a von Willebrand ndi Mitundu Yake



Alipo mabanja ena omwe magazi awo sachedwa kutuluka koma amachedwa kuleka. Mwana akaguluka dzino m'mawa, m'kamwa mumachuchabe mpaka nthawi ya Maghrib. Kamfuno akayamba, nsalu imanyowa yonse. Mwana akangogunda pampando, mawa lake pamatuluka mkwingwirima ngati wamenyedwa. Mtsikana akatha msinkhu amasamba masiku 10 kapena kuposera apo, ndipo akadandaula, amayi ake amamuyankha kuti kwathu timatero, nanenso ndinkatero. Mayiyo sakunama. Vutoli limayendadi m'mtundu, ndipo n'chifukwa chake limabisala: chinthu chikakhala cha banja lonse chimaoneka ngati chibadwa wamba.

Pa matenda onse a magazi osaleka omwe munthu amatengera kwa makolo, ofala kwambiri ndi a von Willebrand. Akayeza anthu mwachisawawa, mpaka munthu mmodzi mwa 100 amapezeka ndi chizindikiro chake m'magazi, ngakhale kuti amene amavutika nawo mpaka kufuna thandizo ndi pafupifupi mmodzi mwa 1,000. Amagwira amuna ndi akazi omwe. Koma dzina lokhalo silikwanira. Matendawa ali ndi mitundu 6, ndipo mankhwala omwe amathandiza mtundu wina sachita kanthu pa mtundu wina, pomwe pa wina amaonjezera vuto. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyamba taona chinthu chomwe chimaonongekacho.

Momwe bala limatsekekera

Munthu akadzicheka, khoma la mtsempha wa magazi limang'ambika, ndipo ulusi wolimba wa pansi pake, wotchedwa collagen, umakhala poyera. M'magazi muli tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa ma platelet, tomwe ntchito yake ndi kuunjikana pabowo n'kulitseka. Kenako mapuloteni oundanitsa magazi, omwe madokotala amawatchula ndi manambala monga factor VIII ndi factor IX, amadzutsana wina ndi mnzake mpaka kuluka ukonde wotchedwa fibrin, womwe umamanga chigambacho kuti chisachoke.

Vuto ndi lakuti m'timitsempha ting'onoting'ono magazi amathamanga. Platelet payokha singaime pabala, monga momwe bwato silingaime pamalo amodzi tsiku la mwera popanda nangula. Pamafunika chingwe. Chingwe chimenecho ndi puloteni yotchedwa von Willebrand factor. Imapangidwa ndi maselo oyala mkati mwa mitsempha, komanso ndi maselo a m'mafuta a m'mafupa omwe amabala ma platelet. Ina imatulutsidwa n'kumayenda m'magazi, ina imasungidwa m'timatumba ta m'maselomo kudikira tsiku la ngozi.

Kapangidwe ka chingwechi n'kodabwitsa, Subhaanallah. Chidutswa chimodzi chili ndi timikanda 2,050 totchedwa amino acid. Zidutswa ziwiri zimalumikizana kumchira n'kukhala peyala, kenako mapeyalawo amalumikizana kumutu, ina pambuyo pa inzake, mpaka chingwe chimodzi chimatha kukhala ndi zidutswa makumi angapo. M'magazi a munthu wabwinobwino muli zingwe zazifupi, zapakatikati ndi zazitali, koma zogwira ntchito kwambiri ndi zazitalizo, pakuti msodzi aliyense amadziwa kuti chingwe cha mbedza zambiri chimaposa cha mbedza imodzi. Pamene palibe bala, chingwechi chimayenda chitadzikulunga ngati nkhata, mbedza zake zitabisika. Chikangokola pa collagen, mphamvu ya magazi othamanga imachitambasula, mbedza n'kuonekera, ma platelet n'kuyamba kukodwa.

Pa chidutswa chilichonse pali malo angapo, ndipo aliwonse ali ndi ntchito yake. Anayi ndiwo ofunika pa nkhani yathuyi. Malo otchedwa A3 ndiwo nangula, amagwira collagen. Malo otchedwa A1 ndiwo mbedza yokola ma platelet. Malo otchedwa A2 ndi podulira: m'magazi muli sizasi yotchedwa ADAMTS13 yomwe imadula chingwe pamenepo kuti chisatalike mopyola muyeso n'kuyamba kutseka mitsempha yopanda bala. Malo achinayi, otchedwa D'D3, ndi mbereko. Pamenepo chingwe chimabereka factor VIII n'kumayenda nayo. Factor VIII ikaberekedwa chotere, pamatenga maola pafupifupi 12 kuti theka lake lithe m'magazi; ikakhala yokha, maola awiri okha theka latha kale.

Choncho chingwe chimodzi chili ndi ntchito ziwiri, kukola ma platelet ndi kusunga factor VIII. Ndipo chingathe kulephera m'njira zingapo: kuchepa, kusowa kotheratu, kufupika, kubuntha mbedza, kuthwa mbedza mopyola, kapena kuduka mbereko. Mitundu 6 ija yagona pamenepa.

Dzinali linachokera kuti

M'chaka cha 1924, mtsikana wa zaka 5 wochokera pachilumba cha Föglö, pa zilumba za Åland pakati pa Finland ndi Sweden, anabwera naye kwa dokotala Erik von Willebrand mumzinda wa Helsinki. Azichemwali ake angapo anali atamwalira kale ali aang'ono chifukwa chotaya magazi. Dokotalayo anafufuza abale 66 a mtsikanayo, ndipo 23 anapezeka ndi vuto lomwelo, ambiri mwa iwo akazi. Izi zinamudabwitsa, pakuti matenda a magazi osaleka omwe ankadziwika nthawi imeneyo, a haemophilia, ndi a amuna. M'chaka cha 1926 analemba zomwe anapeza. Mtsikanayo anakula mpaka kutha msinkhu, koma anamwalira pa kusamba kwake kwachinayi.

Puloteni yeniyeniyo inadzadziwika cha m'ma 1970, dokotalayo atamwalira kale. Cha m'ma 1980 akatswiri anapeza njira yoyala zingwezi pa chipangizo cha mu labotale kuti zazifupi zipite kwaokha, zazitali kwaokha, n'kumaoneka ngati makwerero. Atayamba kuona makwerero a odwala osiyanasiyana, aliyense ankatcha dzina lake zomwe wapeza, mayina n'kuchuluka mpaka kusokoneza. M'chaka cha 1994 bungwe la akatswiri a kuundana kwa magazi la ISTH linawaphatikiza n'kutsala magulu 6, ndipo linawaunikanso mu 2006. Ndi omwe akugwiritsidwa ntchito mpaka lero.

Zingwe zochepa, ndi zingwe zosowa

Mtundu 1 ndiwo wofala. Pa odwala 10 aliwonse, 7 kapena 8 ali ndi umenewu. Zingwe zake ndi zabwinobwino, zazitali ndi zazifupi zonse zilipo, koma ndi zochepa. Mwa munthu wabwinobwino mlingo wake umayambira pa 50 kukwera. Malangizo omwe mabungwe a akatswiri anatulutsa mu 2021 amati mlingo ukatsika pansi pa 30, amenewo ndi matenda. Ukakhala pakati pa 30 ndi 50, amawerengedwa matenda ngati munthuyo amataya magazi mosayenera. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wotengera, ngakhale kuti m'nyumba imodzi wina amavutika kwambiri, wina pang'ono, wina osadziwa n'komwe. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi gulu la magazi: anthu a gulu O mwachibadwa amakhala ndi zingwe zocheperapo ndi pafupifupi 25 pa 100 poyerekeza ndi a magulu ena.

Mkati mwa mtundu 1 muli kagulu kotchedwa 1C. Awa thupi limapanga zingwe ndithu, koma zimachotsedwa m'magazi mwachangu. Kusiyanaku kumaoneka pa nthawi ya mankhwala, monga tionere kutsogoloku.

Mtundu 3 ndiwo woopsa kwambiri, ndipo ndi wosowa, pafupifupi munthu mmodzi pa 1 miliyoni. Zingwe palibe n'komwe. Popeza mbereko palibenso, factor VIII imatsika kwambiri, ndipo mwana amataya magazi kuwiri: kunja, monga m'mphuno ndi m'nkhama, komanso mkati mwa maondo, zigongono ndi minofu. Mtundu umenewu umabwera pamene mwana walandira choonongekacho kwa bambo ndi kwa mayi omwe, pomwe makolowo kawirikawiri saonetsa vuto lalikulu.

Zingwe zilipo koma zolakwika

Mtundu 2 ndi pomwe pali nkhani, chifukwa munthu angayezedwe kuchuluka kwa zingwe n'kupezeka kuti zilipo zokwanira ndithu, koma magazi osaleka. Apa cholakwika ndi kapangidwe, ndipo chilembo chomwe chimatsatira nambalayo chimanena malo omwe aonongeka.

Pa mtundu 2A, zingwe zazitali zimasowa. Zimenezi zimachitika m'njira ziwiri. Mwa ena, zolumikizira zakumutu kapena zakumchira zimakhala zolakwika, ndiye chingwe sichitalika kuchokera pachiyambi. Mwa ena chimapangidwa bwino, koma malo a A2 amakhala otseguka mosayenera, sizasi ija n'kumadula mosalekeza mpaka kutsala tizidutswa. Zotsatira zake ndi zimodzi: makwerero a mu labotale aja amaoneka opanda masitepe apamwamba. Pa mitundu inayi ya gululi, umenewu ndiwo umapezeka kwambiri.

Pa mtundu 2M, makwerero ndi athunthu, zingwe zazitali zilipo, koma mbedza ya A1 ndi yobuntha, siikola ma platelet. Mwa ochepa, chobuntha ndi nangula wa A3. Mtundu umenewu umasokonezedwa kawirikawiri ndi mtundu 1.

Mtundu 2B ndi wozunguza mutu, pakuti cholakwika chake ndi changu chopyola muyeso. Mbedza ya A1 imakhala yotseguka nthawi zonse, ndipo imakola ma platelet m'magazi momwemo popanda bala lililonse. Munthu angaganize kuti zikatero magazi aziundana kwambiri, koma zimachitika ndi zosiyana. Thupi limaona timagulu ta zingwe ndi ma platelet tikuyandama, n'kutichotsa. Zingwe zazitali zimatha, ma platelet nawonso amachepa, ndipo tsiku la bala lenileni palibe wotseka. Kuchepa kwa ma platelet kumakula pa nthawi ya pakati, ya opaleshoni kapena ya matenda ena. Kuno kwathu, komwe malungo nawo amatsitsa ma platelet, n'kosavuta kuti vutoli likankhiridwe kwa malungo. Ngati mwana wachira malungo koma ma platelet sakukwera, ndipo kholo lake nalonso linauzidwapo zomwezo, ndi bwino kumukumbutsa dokotala za mbiri ya banja. Aliponso matenda ena ofanana kwambiri ndi 2B, omwe chingwe chili bwino koma cholakwika chili pa platelet. Amenewa amasiyanitsidwa ndi kuyeza kwapadera.

Mtundu 2N unatchedwa choncho chifukwa cha dera la Normandy ku France, kwawo kwa mmodzi mwa odwala oyamba kufotokozedwa. Apa zingwe ndi zazitali, mbedza ndi zakuthwa, koma mbereko ya D'D3 siigwira. Factor VIII imapangidwa bwinobwino, n'kumatha msanga chifukwa chosowa woibereka. Akayeza magazi, chimaoneka ndi kuchepa kwa factor VIII basi, ndipo munthu angalembedwe kuti ali ndi haemophilia yocheperako pomwe si imeneyo. Monga mtundu 3, umenewu umafuna kuti mwana alandire cholakwika kuchokera mbali zonse ziwiri. Mitundu 2A, 2B ndi 2M kawirikawiri imakwanira kuchokera kwa kholo limodzi.

Nanga haemophilia?

Asilamu tili ndi gawo m'mbiri ya matenda amenewa. Sing'anga wamkulu wa ku Andalusia, Abu al-Qasim al-Zahrawi, yemwe anakhala kufupi ndi Cordoba ndipo anamwalira cha m'ma 1013, analemba m'buku lake la Al-Tasrif za amuna a mudzi wina omwe ankamwalira ndi kutaya magazi pa tizilonda tating'ono. Olemba mbiri ya zachipatala amawerengera zimenezi pakati pa malongosoledwe oyambirira a haemophilia.

Pa haemophilia chingwe chili bwino. Chosowa ndi factor VIII, pa haemophilia A, kapena factor IX, pa haemophilia B. Yoyambayo imapezeka mwa mnyamata mmodzi pa 5,000 obadwa, yachiwiriyo ndi yosowa kuposa apo. Malangizo opangira mapuloteni awiriwa ali pa chromosome X, yomwe mnyamata amalandira kwa mayi ake okha. N'chifukwa chake matendawa amadutsira mwa akazi n'kukaonekera mwa amuna. Malangizo opangira chingwe cha von Willebrand ali pa chromosome 12, yomwe mnyamata ndi mtsikana amalandira mofanana kwa bambo ndi kwa mayi. Tinene pano kuti madokotala akamatchula mawu akuti gene, omwe m'makutu mwathu amamveka ngati jini, amatanthauza malangizo a chibadwa amenewa. Sakunena za majini kapena ziwanda.

Katulukidwe ka magazi nakonso kamasiyana. Wa von Willebrand amavutika kwambiri ndi mphuno, nkhama, khungu ndi chiberekero, ndipo bala limachucha kuyambira pomwepo. Wa haemophilia bala limatha kuoneka ngati latseka, n'kudzayambiranso patapita maola kapena masiku, ndipo vuto lake lalikulu ndi kutupa kwa maondo, akakolo ndi zigongono. Ife a m'mbali mwa nyanja, omwe mbumba timaiwerengera kuchikazi, funso lofufuzira haemophilia ndi lapafupi: kodi atsibweni a mwanayu, kapena ana aamuna a azichemwali a mayi ake, alipo yemwe anavutika ku jando kapena pochotsa dzino? Koma pofufuza von Willebrand, kuchimuna nako kufunsidwe, ndipo azakhali ndi agogo aakazi afotokoze za kusamba ndi uchembere wawo. Tidziwenso kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu a haemophilia amabadwira m'banja lomwe simunamvekepo vutoli.

Mankhwala amatsata mtundu

Alipo mankhwala otchedwa desmopressin, omwe ntchito yake ndi kutsegula timatumba tosungira tija kuti zingwe zituluke zambiri nthawi imodzi. Taonani tsono momwe mankhwala amodzi amachitira pa mitundu yosiyana. Pa mtundu 1, nkhokwe ili ndi zingwe zabwino, ndiye mlingo umakwera kangapo ndipo munthu angachotsedwe dzino bwinobwino. Pa 1C umakwera koma n'kutsika msanga, n'chifukwa chake madokotala amayamba ayesa mankhwalawa tsiku lopanda ngozi, n'kuyezanso magazi patapita ola limodzi komanso maola 4. Pa 2A ndi 2M, zotuluka m'nkhokwe ndi zolakwika zomwezo, ndiye thandizo limakhala lochepa kapena losadalirika. Pa mtundu 3 nkhokwe ndi yopanda kanthu. Pa 2B, kutulutsa zingwe zambiri zokolakola kumamaliza ma platelet otsalawo, ndipo mankhwalawa kawirikawiri amapewedwa. Desmopressin amasungitsanso madzi m'thupi, choncho wolandira amauzidwa kuchepetsa zakumwa tsiku limenelo, ndipo ana osakwana zaka ziwiri sapatsidwa.

Pomwe desmopressin sangathandize, munthu amapatsidwa zingwe zenizeni kudzera mumtsempha. Apanso dzina lolondola ndi lofunika. Mankhwala ambiri a haemophilia A ali ndi factor VIII yokhayokha, yopanda chingwe. Mukampatsa wa 2N, factor VIII imeneyo imatha mwachangu monga imathera yake, popeza mbereko ndi yomwe ija yoduka. Iye amafunika mankhwala okhala ndi chingwe chabwino. Komwe mankhwala otere palibe, madokotala amagwiritsa ntchito zochokera m'magazi operekedwa ndi anthu, monga plasma. Kuno ku Malawi magazi amenewa amasonkhanitsidwa ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003. Ma ulama a nthawi yathu ino amaloleza kupereka ndi kulandira magazi pofuna kupulumutsa moyo, ndipo wachinyamata wathanzi akapita kukapereka adziwe kuti ena mwa omwe akuwathandiza ndi ana otere.

Mankhwala amodzi omwe amathandiza pa mitundu yonse ndi tranexamic acid. Sapanga chingwe, koma amaletsa thupi kumasula msanga chigamba chomwe chamangidwa. Amathandiza kwambiri pa kamfuno, m'kamwa ndi pa kusamba. Koma sayenera kumwedwa mwachisawawa, makamaka ngati magazi akutuluka ndi mkodzo, chifukwa angaundanitse magazi m'njira ya mkodzo. Ndipo kwa mwana wosambira m'nyanja, mkodzo wa magazi choyamba kuganizira ndi likodzo.

Za kupewa ndi zosavuta kukumbukira. Aspirin, Brufen ndi Diclofenac amafooketsa ma platelet, ndipo mankhwala ena a mutu ogulitsidwa m'maokala ali ndi aspirin mkati, werengani chikutiro. Panado alibe vuto limeneli. Kutema mphini ndi hijaama si za munthu wa matendawa.

Jando

Pa madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri mwa ife timatsata, mdulidwe wa mwamuna ndi waajibu. Koma ma ulama a madh-hab omwewo ananena momveka kuti ngati mwana ali wofooka moti mdulidwe ungamuike pa chiopsezo, uchedwetsedwe mpaka atakwanitsa. Choncho kholo lomwe lachedwetsa jando ya mwana wake kuti akayezedwe kaye silinaphwanye Sharia, ngakhale anzake a mwanayo atapita chaka chino iye n'kutsala. Kunyozedwa kwa chaka chimodzi kumapiririka.

Mwana wa matendawa angathe kudulidwa, koma kuchipatala chomwe chakonzekeratu, mankhwala ataperekedwa mpeni usanafike, ndipo akuyang'aniridwa masiku otsatira. Masiku ano mabanja ambiri amachititsa mdulidwe kuchipatala, ana n'kukalandira malangizo pambuyo pake, ndipo izi ndi zabwino. Koma ngakhale kuchipatalako, wodulayo sangadziwe za m'banja mwanu ngati simunena. Ine ndikuona kuti angaliba, anakanga ndi masheikh oyang'anira jando akanamafunsa kholo lililonse mafunso atatu asanalandire mwana: kodi kamfuno wake amapitirira mphindi 10? Kodi anavutikapo poguluka dzino kapena pa bala laling'ono? Kodi alipo m'bale, kuchikazi kapena kuchimuna, yemwe anaikidwapo magazi kapena kumwalira chifukwa cha jando, dzino kapena uchembere? Yankho limodzi lokha la inde likwanire kumutumiza mwanayo kuchipatala. Ndipo magazi akakana kuleka ku ndagala, chinsinsi cha mwambo chisachedwetse ulendo. Panikizani pabalapo ndi nsalu yoyera osatukulatukula kuti muone, musathirepo phulusa, dothi kapena mchere, ndipo nyamukani nthawi yomweyo.

Haidh, istihaadha ndi nifaas

Alongo athu ndiwo amasenza katundu wolemera wa matendawa, mwezi ndi mwezi. M'madrasa timaphunzira kuti haidh kawirikawiri imatenga masiku 6 kapena 7, ndipo pa madh-hab a Shafi'i siipyola masiku 15. Zopyola apo ndi istihaadha. Timaphunziranso za swahaba wachikazi, Fatima bint Abi Hubaysh (radhiyallahu anha), yemwe anakadandaula kwa Mtumiki (swallallahu alaihi wasallam) kuti magazi ake sakuleka, ndipo anauzidwa kuti amenewo ndi a mtsempha, asiye swala masiku a haidh okha, kenako asambe n'kumaswali. Lamulo limeneli limayankha funso la swala ndi swaumu. Funso lakuti n'chifukwa chiyani magaziwo akutuluka chotere ndi la kuchipatala, ndipo mlongo akafunsa loyambalo kwa sheikh kapena kwa mualima, ndi bwino woyankhayo amukumbutse lachiwirili.

Malire a chipatala ndi aafupi kuposa a fiqh. Kusamba kopitirira masiku 7, kusintha nsalu kapena padi ola lililonse kapena maola awiri aliwonse, kudzuka usiku kukasintha, kutuluka ntchintchi zazikulu za magazi oundana, chizungulire ndi kuyera m'maso: zimenezi ndi zokafotokoza kuchipatala ngakhale masiku 15 asanakwane. Zifukwa zake ndi zambiri, monga zotupa za m'chiberekero, njira zina zolerera, ngakhale khansa ya khomo la chiberekero, ndipo zonsezi ndi zoyenera kufufuzidwa. Koma ngati vutoli linayamba ndi kusamba koyamba penipeni, ndipo amayi ndi azichemwali ali chimodzimodzi, von Willebrand aganiziridwe. Thandizo lilipo: tranexamic acid pa masiku osamba, mankhwala a mahomoni, ndi mapiritsi oonjezera magazi.

Pa uchembere pali msampha. Mayi akakhala woyembekezera, thupi limachulukitsa zingwe, moti wa mtundu 1 amatha kufika mlingo wabwinobwino pofika mwezi wobereka. Akangochira, mlingowo umayamba kutsika m'masiku ochepa, ndipo magazi ambiri amatha kubwera patapita sabata imodzi kapena ziwiri, ali kale kunyumba, aliyense akuti ndi nifaas. Nifaas imayenera kumachepa tsiku ndi tsiku. Ikayamba kuchuluka, kufiira kwambiri ndi kubwera ndi ntchintchi, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Wa mtundu 2 kuchuluka kwa zingwe sikumuthandiza kwenikweni poti ndi zolakwika, wa 2B ma platelet amatsikiratu, ndipo wa mtundu 3 sipakhala kukwera kulikonse. Amayi otere akachilire kuchipatala chachikulu chokhala ndi magazi, ndipo anene za vutoli tsiku loyamba la sikelo.

Ukwati wa pachisuweni

Chisilamu chimaloleza kukwatirana pachisuweni, ndipo m'miyambo yathu ukwati wotere si wachilendo. Palibe akuuletsa pano. Koma mitundu 3 ndi 2N imafuna cholakwika chochokera mbali ziwiri, ndipo anthu a agogo amodzi ali ndi mwayi waukulu wosunga cholakwika chofanana. Onse awiri akakhala nacho, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawo. Mwayiwu suwerengera ana omwe anabadwa kale. Mimba iliyonse imayambira pomwepo. Banja lomwe munabadwapo mwana wa mtundu 3 likamakambirana za nikaah ya pachibale, nkhaniyi inenedwe poyera. Ndipo mwana wotere akabadwa, mayi asalozedwe chala yekha, pakuti theka linachokera kwa bambo.

Pokayezetsa

Kuyeza kwa masiku onse, kowerenga kuchuluka kwa magazi ndi ma platelet, kumatha kutuluka bwinobwino mwa munthu wa von Willebrand. Ngakhale kuyeza nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane kumatha kusaonetsa kanthu. Pamafunika kuyeza kutatu kwapadera: kuchuluka kwa zingwe, mphamvu yake yokola ma platelet, ndi mlingo wa factor VIII. Mphamvu ikachepa mofanana ndi kuchuluka, amaganizira mtundu 1. Mphamvu ikatsika pansi pa magawo 7 mwa 10 a kuchulukako, amaganizira mtundu 2, ndipo makwerero aja ndi kuyeza kwina ndizo zimasiyanitsa A, B ndi M. Factor VIII ikatsika yokha zina zili bwino, mpikisano umatsala pakati pa 2N ndi haemophilia A. Kuyeza kotere sikuchitika pa chipatala chaching'ono. Njira yake ndi kuyambira kuchipatala cha boma cha m'dera lanu, n'kupempha kalata yopita kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mlingo wa zingwe umakwera munthu akachita mantha, akathamanga, akadwala malungo kapena matenda ena, komanso akakhala woyembekezera. Mwana yemwe walira ndi kulimbana pomutenga magazi angathe kutulutsa zotsatira zabwino zabodza. Choncho kuyeza kamodzi sikutseka nkhani. Ngati zizindikiro zilipo, amabwereza tsiku lina munthu ali bwino ndi wodekha. Popita, tengani mbiri yolembedwa: ndani m'banja anataya magazi, pa chochitika chanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo kodi anaikidwa magazi. Zotsatira zikatuluka, pemphani dokotala alembe patsamba loyamba la buku la kuchipatala dzina la matendawo pamodzi ndi mtundu wake, nambala ndi chilembo chomwe, komanso mankhwala omwe anayesedwa n'kugwira. Bukulo lionetsedwe kwa wochotsa mano, kwa anamwino a sikelo ndi kwa wodula, asanayambe ntchito yawo.